Yesani makina obalansa mawilo musanatulutse ndalama

MWEZI watha tinali ndi ulendo wa ku Chipata kukaona odwala. Tisananyamuke tinapeleka motoka pa galaji ina muno mu Lusaka kuti atiyang'anile matayala ndi kubalansa mawilo onse anai. Mnyamata wa pamenepo anagwila nchito yake mwaulemu ndithu. Wilo lililonse analikweza pa makina, natsitsa civinikilo, makina nazungulila, iye nakhomela tumitovu m'mphepete mwa limu. Pomaliza anatiitana kuti tidzionele tokha manambala ofiila aja: uku 00, uku 00. Tinalipila ndi mtima woyela.

Titangodutsa Chongwe, pamene mseu umatseguka ndipo phazi limapondako pang'ono, sitelingi inayamba kunjenjemela m'manja ngati munthu wa malungo. Pa 60 panalibe vuto. Pofika pa 90 ngakhale galasi loonela kumbuyo linali kuvina. Ulendo wonse wa makilomita oposa 550 tinauyenda mokwawa ndipo ku Chipata tinafika usiku.

Titabwelako tinapitanso pa galaji paja. Sitinapitile ndeu. Tinapempha cinthu cimodzi cabe: wilo lakutsogolo likwezedwe pa makina, lipimidwe, kenaka limasulidwe, litembenuzidwe theka, limangidwenso ndi kupimidwanso. Ulendo woyamba makina anaonetsa pafupi ndi 00 monga kale. Ulendo waciwili, wilo lomwelo, makina omwewo, mnyamata yemweyo, panatuluka 35 mbali ya kunja ndi 20 mbali ya mkati. Mnyamata anadabwa kuposa ife. Eni galaji, bambo acikulile amene anatiuza kuti makinawo anawagula ndi ndalama za penshoni, anangogwila pakamwa.

Sitilemba izi kuti tiwanyoze bambo amenewa, ndipo dzina la galaji yao sitichula. Iwo sanatibele dala. Anagulitsidwa makina osanena zoona, ndipo mosadziwa naonso anali kugulitsa bodza lomwelo kwa aliyense wobwela ndi motoka. Cimene tifuna kuti awelengi athu amve lelo n'cakuti makina obalansa mawilo ndi sikelo. Ubwino wa sikelo suli pa utoto wake kapena kukula kwa sikilini yake. Sikelo yabwino ndi imene ipeleka yankho limodzi-modzi nthawi zonse mukaikapo katundu yemweyo. Amene afuna kugula makina otele awayese coyamba pa mfundo imeneyi, zina zonse zibwele pambuyo.

Nkhaniyi yakula masiku ano cifukwa ogula makinawa salinso makampani akulu-akulu okha. Kucokela pamene motoka zogwilapo kale nchito za ku Japan zinayamba kulowa mwaunyinji kudzela ku Nakonde ndi Chirundu, malo okonzela matayala aculuka m'makomboni ndi m'matauni a m'mbali mwa miseu ikulu-ikulu. Wacinyamata amene anayamba ndi pampu ndi zigamba pansi pa mtengo, akapeza kandalama amafuna kukwela, ndipo cimene amayamba kuganiza ndi makina ocotsela matayala ndi makina obalansa. Ena atenga nkhongole za CDF, thumba limene boma linakweza kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse mu 2022. Ena anatapa gawo la ndalama zao ku NAPSA pamene lamulo linalola kutengako 20 pelesenti mu 2023. Ena ndi opuma nchito monga bambo aja. Ndalama zotele sizibwela kawili pa moyo wa munthu, ndipo zimatiwawa kuona zikuthela pa bokosi la citsulo loyaka tumalaiti tokongola koma losadziwa kupima.

Mwina ena anganene kuti tikulitsa nkhani ya tumagalamu tocepa. Tiyeni tiwelengele pamodzi. Tayala la Corolla la saizi 195/65 R15 likazungulila kamodzi limayenda pafupi-fupi mamita awili. Motoka ikathamanga pa 100, wilo limazungulila maulendo pafupi-fupi 14 pa sekondi iliyonse. Ngati m'mphepete mwa limu muli mbali yolemelako ndi magalamu 30 cabe, kulemela kwa tumakobili tungapo, pa liwilo limenelo mbaliyo imakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu anai. Ndiye kuti pali nyundo ya makilo anai imene imenya maulendo 14 pa sekondi. Ndipo mphamvuyi siikula mofanana ndi liwilo: mukawilikiza liwilo kawili, iyo imawilikiza kanai. N'cifukwa cake m'tauni simumva kanthu koma pa Great East Road manja amacita dzanzi. Kucoka mu Lusaka kufika ku Chipata wilo limazungulila maulendo oposa 280,000. Nyundo ija imamenya maulendo onsewo.

Zimene imamenya ndi mashoko, ma ball joint, ma tie-rod end ndi mabeling'i, zinthu zimene zimagwila wilo kuti lisacoke pa malo ake. Tayala nalo limadyeka mwa zigamba-zigamba, lisanafike nthawi yake n'kukhala lotha. Kwa mwini Corolla imeneyi ndi ndalama. Kwa minibasi yodzala anthu imene itsika mapili opita ku mlatho wa Luangwa ndi nkhani ina. Sitinena kuti ngozi za pa miseu yathu zimabwela cifukwa ca mawilo osabalansa, pakuti liwilo, mowa, tulo ndi maenje zili patsogolo kwambili. Koma tie-rod end imene imaduka pa kona sinayambe kutha tsiku lomwelo.

Kuti munthu asankhe bwino, adziwe zimene makinawa amacita. Kusabalansa kuli mitundu iwili. Woyamba ndi wakuti wilo lili ndi mbali imodzi yolemela, ndipo likathamanga limadumpha-dumpha. Waciwili ndi wakuti kulemela kuli m'mphepete mwa kunja mbali ina, ndi m'mphepete mwa mkati mbali inayo, ndipo wilo limapukusa mutu uku ndi uku. Ka sikelo kakale kaja ka kadontho ka madzi pakati, kamene wilo amaligoneka pamwamba, kamaona vuto loyamba lokha. Makina ozungulitsa amaona onse awili, ndiye cifukwa amaonetsa manambala awili. Mkati mwake muli tumasensa tumene tumamva mmene shafuti ikankhidwila pamene wilo lizungulila, ndi kacipangizo kena kowelenga pamene wilo lafika. Kakompyuta kamatenga zimenezi pamodzi ndi miyeso itatu imene wogwila nchito amalowetsa, kutalika kwa limu kucoka pa makina, kufutukuka kwake ndi saizi yake, n'kuuza munthu kulemela kwa mtovu ndi malo okhomapo. Paliponse pamene pangalakwike pa mndandanda umenewu, yankho limalakwika, koma manambala amayakabe mofiila bwino-bwino ngati zonse zili m'malo.

Tsono inu amene mufuna kugula, musapite kwa ogulitsa cimanja-manja. Nyamulani mawilo anu awili, limodzi la limu la citsulo la mainchesi 14 kapena 15 losapindika, lina la mag, ndi kamtovu katsopano ka magalamu 50 kamene mwakapimitsa pa sikelo yodalilika. Wogulitsa akakana kuti makina atulutsidwe m'bokosi ndi kuyesedwa, wakuuzani kale zonse zimene mufunika kudziwa. Tsanzikani mwaulemu.

Akalola, yambani ndi kufunsa batani loonetsa galamu imodzi-imodzi. Makina ambili amaonetsa manambala molumpha asanu-asanu, ndipo zocepela magalamu asanu amazibisa n'kulemba 00. Zimenezi si cinyengo, pakuti tumitovu timabwela mwa masaizi a asanu-asanu. Koma pa makina ambili malile obisilawa amasinthika, ndipo munthu wocenjela angathe kuwakweza kuti 00 azibwela msanga. Conco poyesa, onani manambala enieni.

Zungulitsani wilo katatu popanda kulikhudza. Mayankho atatuwo asasiyane kuposa magalamu awili kapena atatu. Makina amene alephela pamenepa ndi sikelo yamisala, ndipo palibe cifukwa copitilila. Akapambana, balansani wilolo mpaka 00, kenaka khomani kamtovu kanu ka 50 m'mphepete mwa kunja pa malo alionse. Makina abwino adzaonetsa pafupi ndi 50 kunja ndi pafupi ndi 0 mkati, ndipo mukatembenuza wilo kufika pamene makina akuti khomani pamwamba, kamtovu kanu kadzakhala pansi peni-peni, monga 6 koloko pa wochi. Kakapezeka pa 4 kapena pa 8, makinawo adziwa kuti pali vuto koma sadziwa pamene lili. Bwelezani ndi mphepete ya mkati.

Mayeso omaliza ndi aja tinacita pa galaji ya bambo aja, ndipo kwa ife ndiwo aakulu pa onse. Cotsani kamtovu, masulani wilo, litembenuzeni theka pa shafuti, limangeninso ndi kupima. Kusiyana kwa magalamu asanu n'kololeka. Kukapitilila khumi, pali cimene sicili bwino, ndipo nthawi zambili si kompyuta ai koma zitsulo zogwilila wilo.

Pa zitsulo zimenezi tifuna tikhalepo pang'ono, cifukwa ndi pamene ogula ambili sayang'ana n'komwe. Maso onse amakhala pa sikilini. Wilo limakhala pakati peni-peni pa shafuti cifukwa ca koni, kacitsulo kosongoka kolowa pa bowo la pakati pa limu, ndi nati yaikulu yolimbitsa. Wilo lolemela makilo 20 likapatuka pakati ndi gawo limodzi la magawo khumi a milimita, kumene kuli ngati kukhuthala kwa pepala la m'buku la kusukulu, makina amaona ngati pali magalamu khumi osabalansa. Wogwila nchito amakhoma mtovu pofuna kukonza vuto limene silili m'wilo, makina n'kulemba 00, wilo likabwelela pa motoka mtovu uja ndiwo usanduka vuto. Izi n'zimene zinaticitikila ife. Conco gwilani koni m'manja, ilowetseni pa shafuti ndi kuigwedeza. Isakhale ndi mpata wogogoda. Onani ngati citsulo cake n'colimba kapena n'cofewa cimene cidzakumbika pakatha miyezi itatu. Onani mazinga a shafuti ndi nati yake. Funsani kukula kwa shafuti. Makina ambili a masiku ano ali ndi shafuti ya mamilimita 40, ndipo makoni ake savuta kupeza. Alipo ena a 36 amene amachipilako, koma tsiku limene koni idzatha mudzayenda mtunda.

Onaninso ngati makoni amene abwela m'bokosi akwanila motoka za kwathu kuno. Makasitomala anu ndi a Corolla, Hiace, Hilux, Land Cruiser ndi Canter. Mawilo a motoka zikulu-zikuluzi ali ndi bowo lalikulu pakati, ndipo amafuna koni yaikulu pamodzi ndi mphete yake. Malimu ena sakhala pakati cifukwa ca bowo koma cifukwa ca manati, ndipo otelewa amapimika bwino ndi mbale ya zikhomo zolowa m'mabowo a manati. Wogulitsa amene sadziwa mbale imeneyi sanagwilepo nchito ya matayala. Zonsezi zilembedwe pa koteshoni musanalipile, cifukwa mukabwela mawa lake mtengo wake udzakhala wina.

Pali nkhani ya kulemela. Makina a motoka zing'ono-zing'ono ambili amalekela pa wilo la makilo 65 kapena 70. Wilo la thilaki kapena basi yaikulu la saizi 22.5 pamodzi ndi tayala lake limapitilila makilo 100. Taona anthu akukakamiza wilo lotele pa makina ang'ono, amuna atatu atalinyamula, cifukwa dalaivala waonetsa ndalama. Shafuti ikapindika kamodzi, makinawo atha, ngakhale apitilize kuyaka. Ngati malo anu ali pa mseu wa mathilaki, sungani ndalama mugule makina a mathilaki okhala ndi cokwezela cake. Ngati simungakwanitse, mathilaki alekeni apite.

Tibwele ku malaiti, nkhani imene buku la makina silikamba cifukwa analilemba anthu amene malaiti ao sazima. Kuno magetsi athu ndi a 230 volts pa 50 hertz. Makina opangidwila msika wa ku America ndi a 110 kapena 120 pa 60 hertz, ndipo amene amaitanitsa pa intaneti kapena kutumilidwa ndi acibale awelenge kambale ka kumbuyo kwa makina asanatumize ndalama. Ena ndi a 3 phase, pamene sitolo yanu ya m'komboni ili ndi waya wa nyumba wamba. Koma vuto lalikulu ndi kuzima-zima. Tonse tikumbukila 2015, 2019 ndiponso maka-maka 2024, pamene madzi anacepa mu Kariba ndipo m'madela ambili malaiti anali kusowa maola oposa theka la tsiku. Cimene cimapha bodi ya makina si kuzima kweni-kweniko koma kubwela kwa malaiti mwamphamvu, ndiponso jeneleta yaing'ono imene ikoka kompulesa ndi makina owochelela pa waya umodzi. Mtengo wa sitebulaiza ndi cochinjiliza uwelengeleni pamodzi ndi mtengo wa makina kucokela paciyambi.

Apa tinene cinthu cimene ogulitsa sacikonda. Alipo makina ozungulitsa ndi dzanja, opanda mota, amene amapima mbali zonse ziwili monga anzao ndipo ena amayaka ndi batile ya motoka ya 12 volts. Saoneka apamwamba ndipo kasitomala wokonda zoonetsela angawapeputse. Koma kwa munthu wa ku Nyimba, Sinda kapena Lundazi, ngakhalenso wa m'komboni muno mu Lusaka, makina amene agwila nchito malaiti atapita amaposa okongola amene angokhala atafunditsidwa nsalu. Mulibe lamba woduka, mulibe mota yopsa. Ife tikanakhala ndi ndalama zocepa tikanayamba ndi amenewa.

Nanga maina? Amene ali m'nchitoyi amadziwa Hunter ya ku America, Hofmann ndi Beissbarth za ku Germany, Corghi ndi CEMB za ku Italy. Ndi maina akale ndipo mitengo yake ndi yoopsa kwa munthu woyamba kumene. Makina oculuka amene afika kuno ndi ocokela ku China, ndipo sitigwilizana ndi amene amati ciliconse ca ku China n'cacabe. Alipo olimba amene asewenza zaka zambili, alipo ena opanda dzina amene lelo abwela ofiila mawa abuluu ndi cikwangwani cina. Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu mkati muli nyelele. Funso lothandiza si lakuti makinawa acokela dziko liti, koma lakuti akafa adzawaukitsa ndani. Funsani wogulitsa akuonetseni ndi maso bodi ya sipeya, sensa, lamba ndi nati pa shelufu yake. Funsani dzina la munthu amene amabwela kudzakonza, ndipo mum'imbile foni muli pomwepo. Pemphani akuuzeni magalaji awili kapena atatu amene anagula makina omwewo zaka ziwili zapitazo, mukaceze nao. Galanti ya caka cimodzi yolembedwa ndi kampani imene ili ku Dubai kapena ku Guangzhou ilibe nchito kwa munthu wa ku Chawama. Safunsa anadya phula.

Makina ogwilapo kale nchito, ocokela ku Johannesburg kapena ku Ulaya, sitiwakana. A dzina labwino amene asungidwa bwino angapose atsopano opanda dzina. Koma mayeso aja acitike onse, ndipo muonjezepo kuzungulitsa shafuti yopanda wilo kuti muone ngati ipeleka 00 ndi kumvetsela ngati mabeling'i alila. Makina akale kwambili amene bodi yake sipangidwanso ndi njuga.

Cina cofunsa musanagule ndi cimene amakanika amati calibration, kutanthauza kuphunzitsanso makina kuti adziwe kulemela kweni-kweni. Makina ambili amadzikonza okha: mumakweza wilo, mumadina mabatani motsatila buku, mumakhoma mtovu woyesela umene umabwela ndi makinawo, kawili-kawili wa magalamu 100 kapena 50, basi. Ndi nchito ya mphindi zosakwana khumi. Koma tafunsa m'magalaji angapo, ndipo anyamata ambili sadziwa kuti kuli cinthu cotele. Mtovu woyesela unakhomedwa kale pa wilo la kasitomala wina ndipo buku linakulungidwila vitumbuwa. Musalole wogulitsa acoke pa malo anu asanakuphunzitseni inu ndi anyamata anu kucita zimenezi ndi manja anu, ndipo buku likhale m'cinenelo cimene muwelenga. Makina ofuna kuti pabwele katswili ndi laputopu nthawi iliyonse ndi a makampani akulu. Mukasuntha makina, mukasintha bodi, kapena makasitomala awili akabwelela motsatana, yesaninso.

Ngakhale makina abwino motani amanama akaikidwa poipa. Amafuna simenti yolimba, yosalala, ndi kumangidwa pansi ndi mabauti. Ambili timawaona atakhala pa phaleti lomwe lija anabwelela, kapena pa dothi, pafupi ndi kompulesa imene igwedeza nthaka. Tumasensa tuja tumamva kugwedeza kulikonse ndipo situsiyanitsa kwa wilo ndi kwa kompulesa. Fumbi la mu Ogasiti ndi cinyontho ca mu Januwale zimafuna denga ndi khoma. Civinikilo cija naco cisacotsedwe pofuna kufulumila, pakuti mwala wotsalila m'mizele ya tayala ukauluka sufunsa kuti diso ndi la ndani.

Tiwauzenso zoona eni magalaji pa zimene makinawa sangathe. Limu lopindika ndi maenje a m'miseu yathu mungathe kulibalansa mpaka 00, koma lidzagwedezabe cifukwa silili lozungulila bwino. N'cimodzi-modzi tayala lotupa kapena loduka mawaya mkati, zimene zimapezeka kwambili m'matayala a salaula. Matope oumila mkati mwa limu, madzi olowa m'tayala kucokela ku kompulesa yosakhetsedwa, ndi cigamba cacikulu ca mkati, zonsezi zimasokoneza kapimidwe. Munthu wodziwa nchito amatsuka wilo, amacotsa mitovu yakale yonse, amayang'ana mmene wilo liyendela pamene lizungulila, ndipo makina akafuna magalamu 100 kapena kuposa pa wilo laling'ono sakhoma msanga, amayamba watembenuza tayala pa limu. Ngati tayala latsopano lili ndi kadontho kacikasu, pamenepo ndi pamene lili lopepuka, ndipo kamayenela kuyang'anizana ndi valavu. Alipo makina odula amene amakanikiza tayala ndi mkombelo kuti aone kupindika kotele, koma kwa ambili a ife maso ndi cala zikwanila. Cofunika ndi kulimba mtima kouza kasitomala kuti bwana, apa vuto si balansi, tayalali latha. Ndipo kubalansa si alaimenti. Motoka yokokela mbali imodzi siicila ndi mtovu, ngakhale ena amalandila ndalama ngati icila.

Pa mitovu yomweyi tiikepo mau awili. Kukhomanso mitovu yakale yotola pansi ndi kudzinamiza: kapanilo kake kanatambasuka kale, idzagwa pa hampu yoyamba, ndipo yodyeka silemelanso monga mwa nambala yolembedwapo. Pa malimu a mag pamafunika yomata, ndipo makina amene mugula akhale ndi mapulogilamu ake a mag, apo ayi mudzakanda malimu a anthu ndi kulipila. Komanso mtovu ndi poizoni. Maiko a European Union analetsa mitovu ya m'mawilo kuyambila mu 2005 ndipo amasewenzetsa ya zinki ndi ya citsulo. Ife a m'Zambia sitifunika kuphunzitsidwa ndi azungu za kuopsa kwa mtovu, pakuti mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma ana a kumeneko akali kudwala nao. Tumitovu tumene tumamwazika pa bwalo la galaji, pamene ana a m'komboni amasewela ndi kutola, tusonkhanitsidwe m'cigubu cotseka.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Sikelo ya m'buchala ndi pampu ya pa filing'i siteshoni zimayendeledwa ndi a Zambia Metrology Agency ndipo zimamatidwa cidindo, cifukwa wogula sangathe kudzipimila yekha. Pa makina obalansa, amenenso munthu amalipila cinthu cimene sangacione ndi maso, ife sitinaonepo cidindo ca wina aliyense. Sitipempha msonkho watsopano wofinya anyamata amene angoyamba kumene. Tipempha kuti amene amalowetsa makinawa m'dziko akakamizidwe kusunga masipeya ndi kupeleka buku lowelengeka, ndi kuti masukulu a nchito za manja a pansi pa TEVETA aike maphunzilo afupi-afupi a nchito ya matayala, a sabata imodzi kapena ziwili, amene mnyamata wa pa galaji angakwanitse. Makomiti a CDF naonso, asanavomeleze nkhongole ya makina, afunse ngati wopemphayo waona makinawo akugwila nchito kapena wangoona cithunzi pa foni. A RTSA amayang'ana matayala pa fitinesi, koma fitinesi ndi tsiku limodzi, pamene anyamata a m'magalaji amagwila mawilo a dziko lonse tsiku lililonse.

Inunso oyendetsa motoka muli ndi ufulu wopempha mayeso aja a kutembenuza wilo. Satenga mphindi zitatu. Pemphani mwaulemu pa wilo limodzi lakutsogolo. Galaji yodzidalila sidzakwiya, ndipo mwina mudzathandiza mwini wake kudziwa cimene sanali kudziwa.

Sabata yatha tinadutsanso kwa bambo aja. Anapeza kuti koni imene anali kusewenzetsa pa mawilo onse inali itakumbika mphete kuzungulila, ndipo makina anali akali pa phaleti. Anathila simenti, namanga makina ndi mabauti anai, nagula makoni ena kwa munthu wobwela nao kucokela ku Johannesburg, pakuti nambala ya foni ya amene anawagulitsa makinawo siilowanso. Anatiitana kuti tione. Wilo lathu litatembenuzidwa theka, makina anaonetsa 5 kunja ndi 0 mkati. Ndalama zathu za tsiku lija anafuna kutibwezela, ife tinakana. Cimene cawatsalila ndi calibration: buku limene linabwela m'bokosi ndi la Cichaina cokha-cokha, ndipo anatipempha kuti tifunse pa tsamba lino ngati pali wowelenga amene angawamasulile masamba anai a pakati.